Chingerezi cha Anthu a Kunyanja

Kuyambira ku Meluluca mpaka ku Ngofi, m'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago ku Mozambique, n'kovuta kupeza mwana wosadziwa kunena kuti "How are you?" Ena amayamba kunena asanaponde n'komwe pakhomo la sukulu. Mzungu akangotsika m'boti, ana amasiya mbale zimene amatsuka pa doko n'kumuthamangira akufuula funso lomweli. Iye akayankha n'kuwabwezera funsolo, onse amayankhira pamodzi kuti "I am fine," kenaka n'kufa nalo phwete, aliyense ulendo wake. Nkhani yathera pomwepo. Mlendo akawonjezera mawu ena, ndiye kuti akulankhula yekha.

Inenso ndinakulira m'gulu la ana otere, pafupi ndi Kobwe, pamene mapu amalemba kuti Cobué, choncho sindikuwaseka. Chimene chakhala chikundizunguza mutu n'china. Mawu oyamba a Chingerezi amene timaloweza ndi opatsira moni munthu amene timamuona mwa apo ndi apo, mwinanso chaka n'kutha osamuona. Koma Chingerezi chimene chimatipinga sabata ndi sabata, chimene chimatidyera ndalama ndi kutisowetsa tulo, palibe amene amatiphunzitsa.

Ukaima pa doko la Kobwe, chilumba cha Likoma chili apo, makilomita ochepa chabe, moti kukakhala bata umaona milambe ndi madenga a malata akung'anima. Limenelo ndi dziko lina, la Malawi, ngakhale madzi ozungulira chilumbacho ndi a Mozambique. Kumeneko kuli azakhali athu, apongozi athu, ana a alongo athu. Timakwatirana, timayenderana pa maliro, timawapititsira nkhuni, mpunga ndi chinangwa, ife n'kubwerako ndi shuga, sopo ndi mafuta. Tikakumana palibe amene amafuna womasulira. Timalankhula Chinyanja, ndipo tikasiyana mawu awiri atatu ndi munthu wa ku Lilongwe kapena ku Zomba, timangosekana n'kupitiriza malonda. Pakamwa timamvana bwino lomwe. Chimene chimatilekanitsa ndi mapepala. Pepala la kwathu kuno limalembedwa m'Chipwitikizi, la tsidya lija m'Chingerezi, ndipo munthu wa kunyanja amayenera kukhala ndi moyo pakati pa awiriwa.

Chingerezi cha m'kalasi ndinakumana nacho ku sekondale. Aphunzitsi athu anali munthu wakhama, wosajomba, wochokera kum'mwera kwa dziko, ndipo Chinyanja sankachidziwa. Ankalemba mzere pakati pa bolodi, kumanzere mawu a Chingerezi, kumanja matanthauzo ake m'Chipwitikizi, ife n'kumakopera m'makope. Masiku a pa sabata, miyezi, ziwalo za thupi, zipinda za m'nyumba, mayina a zipatso zimene ena a ife tinali tisanazionepo. Tikamaliza kukopera tinkawerenga mokweza tonse pamodzi mpaka belu litalira. Pa mayeso tinkakhoza ndithu, poti kuloweza ife sikutivuta: mwana amene amasunga m'mutu nyimbo zonse za kwaya ndi mayina a nsomba zonse za m'chilimira sangalephere mawu makumi awiri a pa bolodi.

Vuto linali ku dzanja lamanja la bolodilo. Ambiri a ife Chipwitikizicho tinkachidziwa mwapatalipatali. Kunyumba Chinyanja, ku doko Chinyanja, ku tchalitchi ndi ku mzikiti Chinyanja kapena Chiyao. Chipwitikizi chinali cha m'kalasi ndi cha ku maofesi a boma. Motero liwu lililonse la Chingerezi linkayamba lasanduka la Chipwitikizi, kenaka ife n'kulimbana nalo kuti lifike m'chinenero chimene timaganiziramo. Zinali ngati munthu wa ku Kobwe wofuna kupita ku Likoma, koma n'kukwera shapa (minibasi) ya ku Lichinga, kukatulukira ku Mandimba, kudzera ku Mangochi, kukwera mpaka ku Nkhata Bay kukadikira sitima ya Ilala, kuti akafike pa chilumba chimene amachiona ali pakhonde pake.

Njira yozungulirayi sikuti imangotopetsa, nthawi zina imasocheretsa. Taonani masiku a pa sabata. Ife timayamba ndi Lolemba, lotsatira n'kukhala Lachiwiri. Apwitikizi amawerenga kuyambira Lamulungu, choncho Lolemba lathu iwo amati segunda-feira, kutanthauza lachiwiri, ndipo Lachiwiri lathu amati terça-feira, lachitatu. Gogo wina wa m'mudzi mwathu anabwerako ku chipatala tsidya lija ndi kabuku kake kolembedwa kuti adzabwerenso "Tuesday". Pakamwa anawauza ndithu m'Chichewa, koma mutu wa munthu wodwala susunga zonse. Atafika kunyumba anaitana mdzukulu wawo wa ku sekondale, amene m'banjamo ankamuyesa katswiri wa zolembedwa.

"Tandiwerengera apa, mwanawe, akuti ndipite liti?"

Mnyamatayo anakumbukira bolodi. Tuesday ndi terça. Terça ndi chitatu. "Agogo, akuti mupite Lachitatu."

Agogowo anagulitsa nkhuku kuti apeze ya boti, n'kuwoloka Lachitatu m'mamawa, kukapeza tsiku la odwala matenda awo linali dzulo lake. Mnyamatayo sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe la zimene anaphunzitsidwa. Anangoyenda njira imene anamuonetsa. Akanauzidwa kamodzi kokha kuti Tuesday ndi Lachiwiri, nkhuku ija ikanakhala ikuikirabe mazira.

Zofanana ndi zimenezi zili pa manambala. Wolemba Chipwitikizi akafuna kulemba chikwi chimodzi ndi theka amalemba 1.500, pomwe wa Chingerezi amalemba 1,500, ndipo kadontho kwa iye n'kolekanitsa makwacha ndi matambala. Mayi wogulitsa usipa wouma amene amalandira mametikali lero, makwacha mawa, amafunika kudziwa kanthu kameneka kuposa mayina a zipinda za nyumba ya ku London. Ine sindinakamvepo m'kalasi. Ndinakaphunzira pa lisiti.

Chodabwitsa n'chakuti Chingerezi si mlendo watsopano kuno. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja chinayamba kumveka Chipwitikizi chisanazike mizu. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anafika pa nyanja ino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ndipo mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, anayendayenda m'magombe ano mpaka imfa yake mu 1928. Anali ndi sitima zawo, Charles Janson kuyambira 1885 ndi Chauncy Maples kuyambira 1901, zimene zinkaima mudzi ndi mudzi kusiya aphunzitsi ndi mabuku. Msumba, pamene lero amalemba Messumba, unakhala mishoni yaikulu ya mbali ino, ndipo koleji ya aphunzitsi ya St Michael's inayambira ku Kobwe konkuno isanasamukire ku Likoma. Pangano la 1891 pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi ndi limene linadula malire, n'kusiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi, gombe lathu m'manja mwa Apwitikizi. Komabe kwa zaka zambiri wolamula kuno sanali boma lenileni koma kampani, Companhia do Niassa, imene inatha mu 1929, ndipo iyo chidwi chake chinali pa msonkho, osati pa sukulu.

Sindikufuna kuwayeretsa amishoniwo. Anali ndi zolinga zawo, ndipo maphunziro amene ankapereka kwa anthu akuda anali ndi malire amene iwo eni anaika. Koma pa nkhani imodzi iyi anachita zolondola: ankayamba ndi Chinyanja. Mwana ankaphunzira kuwerenga m'chinenero cha amayi ake, Johnson ndi anzake anamasulira Baibulo m'Chinyanja cha kunyanja kuno, ndipo mu 1902 Herbert Barnes anasindikiza buku la mawu a Chinyanja ndi matanthauzo ake m'Chingerezi. Wofuna Chingerezi ankachoka pa Chinyanja n'kulowa m'Chingerezi, osadzera kwina.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa anthu otere. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni, kenaka anapita ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, n'kukagwira ntchito ya ukhukhi monga ankachitira amuna ambiri a kunyanja. Atabwerako ndi amene ankalembera anthu makalata: m'kati Chinyanja, pa envulopu keyala ya Chingerezi, m'zilembo zopendekeka bwino zimene masiku ano simungazione. Anali ndi thiranki yachitsulo pansi pa bedi, m'menemo muli jekete la pa Khirisimasi, buku la mapemphero ndi kabuku ka matanthauzo a mawu kopanda chikuto, kodyedwa ndi njenjete m'mphepete. Kabukuko sankandipatsa. Kaphunzitsidwe kawo kanali kena. Tikakhala pa mchenga iwo akusoka ukonde, ankanyamula nkhafi n'kutchula dzina lake m'Chingerezi, kenaka n'kuiponya patali, n'kundituma m'Chingerezi chomwecho kuti ndikaitenge. Ndikabwera ndi chingwe m'malo mwa nkhafi, ankandibweza osanena kanthu. Mawa lake mbedza, mkuja lake mpeni. Sankadutsa mawu atatu pa tsiku. Ndikapempha ena ankati, "Yamba wagwiritsa ntchito amenewo, mdzukulu wanga. Liwu longosunga limathawa usiku." Mpaka lero mawu amene sindikayika nawo ndi a pa mchenga paja, a pa bolodi ambiri anapita ndi makope ake.

Agogowo ndi amenenso anandionetsa chinthu chimene kusukulu palibe anachitchula, chakuti Chingerezi china tili nacho kale m'kamwa. Sitima, sukulu, buku, tebulo, sopo, supuni, kwaya, bishopu, injini, wailesi, batire, tikiti, golo, kona: mwana wa ku Lago amafika m'kalasi atanyamula kale mawu ambirimbiri otere, osadziwa kumene anachokera. Mnzake wa ku Maputo kapena ku Beira alibe mwayi umenewu pa mlingo wofanana. Mphunzitsi wodziwa Chinyanja akanayambira pamenepa, n'kumuuza mwanayo tsiku loyamba kuti sakuyambira pa chabe. M'malo mwake timamuuza kuti liwu la Chingerezi limene iye amalidziwa kale kuti tebulo limatanthauza mesa.

Nkhondo ziwiri zinasokoneza zonse. Mu Seputembala 1964, pamene Frelimo inkayamba nkhondo ya ufulu, Kobwe anali amodzi mwa malo oyamba kumveka mfuti m'chigawo cha Niassa. Apwitikizi anali ndi malo a asilikali a pamadzi ku Metangula, ndipo anthu ambiri a m'midzi ino anathawira ku Likoma, ku Nkhata Bay ndi ku Tanzania. Bwinja la tchalitchi chachikulu cha ku Kobwe lilipobe, aliyense wotsika boti amaliona. Ufulu unabwera mu 1975, anthu ena anabwerera, posakhalitsa nkhondo yachiwiri inawathamangitsanso. Pofika nthawi ya pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Mozambique othawira ku Malawi anali ataposa miliyoni imodzi.

Ana a anthu amenewa, ambiri anaphunzira m'sukulu za ku Malawi, kumene Chingerezi chinkayamba mu Sitandade 1 ngati phunziro, ndipo kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse ankachitika m'Chingerezi. Achimwene anga anali atafika Sitandade 8 pamene banja lathu linkabwerera kuchokera ku Malawi. Ankatha kulemba kalata yofunsira ntchito, ankawerenga nyuzipepala mokweza anthu atawazungulira. Kuno zonsezo zinakhala zopanda ntchito tsiku limodzi. Popeza Chipwitikizi sankachidziwa, anawabweza m'kalasi ya ana aang'ono, munthu wa ndevu zoyamba kumera n'kukhala pa benchi limodzi ndi tiana. Anapirira miyezi ingapo, kenaka analowa m'bwato. Anzawo ankawatcha Mmalawi. Patapita zaka, pamene malo ogona alendo anayamba kutsegulidwa m'gombe lino, monga Nkwichi Lodge ya m'dera la Manda Wilderness kum'mwera kwa Kobwe ndi ena cha ku Chuanga, anthu amene ankafunidwa kwambiri anali omwewo onyozedwa aja. Dziko lathu nalo linali litalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, loyamba kulowamo lisanalamulidwepo ndi Angerezi. Chifukwa chake n'chosabisika: mayiko onse asanu ndi limodzi otizungulira, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, amagwiritsa ntchito Chingerezi pa za boma. Ife a ku Lago tinadziwa zimenezi kalekale a ku Maputo asanasaine kanthu.

Ndiye Chingerezi chimene munthu wa kuno amachifuna n'chotani? Kwa ambiri si cholankhula ayi, n'chowerenga. Ndi cha pa kapaketi ka mankhwala, pamene palembedwa kangati pa tsiku, usanadye kapena utadya. Mankhwala a malungo amene kuno timawadziwa kuti Coartem, tsidya amawatcha LA, ndipo munthu wosadziwa angathe kumwa onse awiri poganiza kuti ndi osiyana. Ndi cha pa botolo la mankhwala ophera tizilombo m'dimba, ndi cha tsiku limene katundu amatha mphamvu, lolembedwa m'tizilembo tating'ono pansi pa chitini. Ndi cha pa injini ya Yamaha imene anthu asanu asonkherana kuti agule, ndi cha kabuku kake kamene palibe amene amakatsegula mpaka injiniyo itazima pakati pa nyanja mwera ukuyamba. Ndi cha uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money, poti mafoni a ku Kobwe amagwira netiweki ya ku Malawi mosavuta, ndipo munthu ayenera kudziwa ngati uthengawo ukuti ndalama zapita kapena ukuti sizinakwanire. Ndi cha pa fomu ya olowa ndi otuluka, imene imafunsa dzina la makolo padera ndi dzina lako padera, tsiku lobadwa, ndi chimene wadzera. Mawu onsewa mutawasonkhanitsa sangadzaze kope limodzi. Koma simungawapeze pa mindandanda imene ana amaloweza.

Masiku ano mindandandayo yasamukira pa foni. Mnyamata amagula bandulo ndi ndalama ya usipa, n'kutsegula Facebook kapena YouTube, n'kupeza munthu womwetulira akumuphunzitsa kuitanitsa khofi, kufunsa njira ya ku siteshoni ya sitima ya pamtunda, kudandaula za chipale chofewa. Si zoipa, ndipo katchulidwe amakamva bwino kuposa mmene ife tinkamvera. Koma anawakonzera munthu wina, wokhala ndi pasipoti ndi tikiti ya ndege. Ambiri mwa ophunzitsawo, akamamasulira, amamasulira m'Chipwitikizi cha ku Brazil, ndiye kuti ulendo uja wa ku Mandimba wawonjezekanso.

Pali ena ochepa amene amafunadi cholankhula: ogwira ntchito m'malo a alendo, oyendetsa maboti, opita ku Joni. Msuweni wanga wina anagwirapo ntchito yoperekera zakudya pa loji ina. Iye anaphunzira ziganizo zathunthu, osazigawa m'mawu: cholandirira mlendo, chofunsira chimene akufuna kumwa, chofunsira ngati chakudya chakoma, chotsanzikira usiku. Ankazinena bwino kwambiri moti alendo ankaganiza kuti ndi munthu wodziwa, n'kuyamba kumuthira Chingerezi chothamanga, cha m'mphuno, chodzaza nthabwala. Apa m'pamene pali msampha wa kuloweza: ukanena bwino chiganizo chimodzi, umaitana khumi zimene sungazimve. Iye ankangomwetulira n'kumati "yes".

"Yes" ameneyu ndi woopsa, ndipo gwero lake si umbuli koma ulemu. Ife tinaleredwa kuti wamkulu kapena mlendo akamalankhula umavomera, sumudula, sumuuza kuti abwereze ngati kuti iye ndi amene walankhula molakwika. Pakati pathu zimayenda, chifukwa tonse timadziwa kuti "inde" wina amangotanthauza kuti ndikumvetsera. Mlendo sadziwa. Tangoganizani wanena kuti mtedza umamudwalitsa, woperekera zakudya wavomera mwaulemu, ku khitchini athira nsinjiro m'ndiwo. Kapena wanena kuti boti limupeze sikisi koloko m'mawa chifukwa ali ndi ndege ku Likoma. Msuweni wangayo anapulumuka chifukwa cha mayi wina wachikulire wogwira naye ntchito, amene anamukokera pambali n'kumuuza kuti, "Achimwene, safunsa anadya phula. Musanaphunzire china chilichonse, phunzirani kunena kuti simunamve." Anamuphunzitsa ziganizo ziwiri, chopempha munthu kuti abwereze ndi chopempha kuti alankhule pang'onopang'ono. Ine ndikanakhala wolemba silabasi, ziwirizi zikanakhala pa tsamba loyamba, moni n'kubwera pambuyo. Amene amatha kupempha kuti mnzake abwereze amaphunzira kwa munthu aliyense amene wakumana naye. Wongovomera amatuluka m'macheza ali chimodzimodzi mmene analowera.

Mphunzitsi wanga wachitatu, pambuyo pa agogo ndi malisiti, anali wailesi. Wailesi ya ku Malawi ya MBC imamveka bwino gombe lino, ndipo imawerenga nkhani m'Chichewa komanso m'Chingerezi. Ndinkayamba ndamvetsera za Chichewa kuti ndidziwe chimene chachitika: nduna yatsegulira mlatho, mtengo wa feteleza wakwera, boti lamira ku Nkhotakota. Zikamabwera za Chingerezi ndinkakhala ndikudziwa kale nkhani yake, ntchito yanga n'kungotchera khutu kuti ndimve mmene akuinenera. Liwu likabwera kawiri katatu pamalo pamene ndikuyembekezera "mlatho", ndinkadziwa kuti ndi limenelo, popanda wondiuza. Panalibe Chipwitikizi pakati, panalibenso mayeso. Batire zikatha ndinkapita kukamvera kwa aneba.

Pano ndiyenera kuchenjeza achinyamata, chifukwa pali bodza limene likufala lakuti Chingerezi ndi kiyi wa chuma. Ntchito ya boma, ya uphunzitsi, ya unamwino, ya upolisi, imafuna Chipwitikizi, ndipo idzachifunabe. Mlandu ku khoti, chikalata cha malo, chitupa cha mwana, zonsezi ndi za m'Chipwitikizi. Malo ogona alendo m'boma lonse lino ndi owerengeka, ndipo chaka chimene alendo asowa, monga zinachitikira nthawi ya Covid-19, Chingerezi sichiphika nsima. Ndawaonanso anyamata obwera ku Joni amene amalowetsa mawu a Chingerezi paliponse, ngakhale poyankha amayi awo, pomwe kalata ya mizere isanu sangaiwerenge. Kumeneko si kudziwa chinenero, ndi kuvala. Achimwene anga, amene amachidziwadi, simungawamve akuchilankhula pa mowa kapena pa maliro. Amachitulutsa pakafunika, munthu akabwera ndi pepala.

Sindikunena kuti tisiye Chipwitikizi, kapena kuti Chingerezi chikwere pamwamba pa Chinyanja. Ndikunena za njira. Boma lathu linavomereza kale kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero chake. Pakati pa 1993 ndi 1997 panali kuyesera kotchedwa PEBIMO, kophunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo silabasi ya pulayimale ya 2004 inatsegula khomo la maphunziro a zinenero ziwiri, yomweyonso n'kulowetsa Chingerezi kuyambira kalasi ya 6. Zinthu ziwirizi zinabwera m'chikalata chimodzi koma sizinakumane. Ngati n'kotheka kuphunzitsa masamu m'Chinyanja, chovuta n'chiyani kufotokoza Chingerezi m'Chinyanja? Mabuku ake sitiyenera kuchita kuwapeka. Ku Malawi ndi ku Zambia alipo kale mabuku omasulira mawu pakati pa Chichewa ndi Chingerezi, ena akale ena atsopano, ndipo kusiyana kwa kalembedwe kathu ndi kawo n'kochepa moti mwana amakuzolowera sabata imodzi. Ena anganene kuti zimenezi zingafooketse umodzi wa dziko, kapena kuti ana a kumalire angayambe kudziona ngati Amalawi. Mantha amenewa ndi akale. Anthu a kuno anamenya nawo nkhondo ya ufulu akulankhula Chinyanja, ena akudziwa Chingerezi cha ku mishoni kuposa Chipwitikizi, ndipo palibe anakayika kuti akumenyera dziko liti.

Ndikudziwa kuti mphunzitsi wa ku Lago ali ndi mavuto ake: ana ochuluka m'kalasi, mabuku osakwanira, silabasi yofunika kuimaliza, oyendera sukulu ofuna kuona zolembedwa m'makope. Ambiri amatumizidwa kuno kuchokera kutali, ndipo si mlandu wawo kuti Chinyanja sachidziwa. Koma zimene ndikupempha sizifuna ndalama kapena chilolezo cha ku Lichinga. Aphunzitsi, kamodzi pa sabata uzani ana abwere ndi chilichonse cholembedwa m'Chingerezi chimene achipeza kunyumba: kapaketi ka mankhwala, lisiti, thumba la mbewu, uthenga wa pa foni ya atate awo. Muwerenge nawo zimenezo. Mwana akafunsa tanthauzo, auzidwe m'Chinyanja choyamba, Chipwitikizi chibwere pambuyo. Ngati inu simuchidziwa, funsani m'kalasimo kuti ndani angamasulire, ndipo musamulange amene wayankha m'chinenero cha kwawo. M'kalasi iliyonse ya m'gombe lino muli mwana amene ali ndi abale tsidya lija, ndipo m'mudzi uliwonse muli munthu wamkulu amene anaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, amene pano akusoka ukonde. Muitaneni tsiku lina adzakuthandizeni, mudzaona kuti sakana.